Dzuwa la m'Khola

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula kuti Anamazira. Dzinalo anawapatsa ndi amuna awo chaka chimene anayamba kuweta nkhuku zoikira, ndipo linawamatirira ngati njere za chisoso pa nsalu, moti ngakhale abusa polengeza za kutchalitchi ankayamba akhosomola kaye kuti akumbukire dzina lenileni.

Khola linali kuseri kwa nyumba: njerwa mpaka m'chiuno, pamwamba pake waya wa sefa, denga la malata. Pakati pa dengalo pankalendewera babu limodzi lalikulu. Analiika ndi amuna awowo, amene anagwira ntchito ya zamagetsi mpaka kupuma. Ankati nkhuku yoikira imafuna tsiku lotalikirapo kuti isamadumphitse, choncho dzuwa likamapendeka ankapita kukayatsa babulo, nkhuku n'kumajomphabe ngati kudakali masana. Analumikizanso batire kuti magetsi akathima babulo lisazime nawo. Akachoka kukhola ankadya chamadzulo, kenaka mapemphero. Bambowo ankayambitsa nyimbo ndi besi yawo yonjenjemeretsa makapu m'kabati, ndipo akangoti ameni ankavala masilipasi n'kunena mawu omwewomwewo tsiku ndi tsiku:

"Anamazira, ndikazimitse dzuwa langa. La Mulungu lalowa kale, langali lisachite mwano."

Tsiku limene bambowo anamwalira anali atayatsa babulo monga mwa masiku onse. Analowa m'khitchini, anapempha madzi akumwa, anakhala pampando. Pamene Anamazira ankatembenuka ndi kapu, anapeza mutu wagwera pachifuwa ngati wa munthu wosinza pa ulaliki wautali. Mapemphero sanachitike madzulo amenewo. Kunali galimoto ya aneba, kunali khonde la chipatala lonunkha mankhwala okolopera, kunali namwino wolankhula motsitsa. Atabwerera kunyumba kutacha, babu linali likuyakabe m'khola.

Ndipo linayakabe. Maliro anadutsa, abale anabalalika, nyengo yotentha inatha, mvula inabwera. Anamazira ankadziwa bwino pamene panali swichi: kuseri kwa chitseko cha khola, pamwamba, molingana ndi msinkhu wa malemuwo. Ankadutsapo m'mawa, masana ndi madzulo, ndowa ili m'manja. Dzanja silinkakwera. Sikuti ankaganiza zambiri ayi. Ankangodziwa kuti chala chomaliza kukhudza pamenepo chinali cha amuna awo, ndi kuti ntchito imene anaiyamba madzulo aja inali isanathe.

Sanalire. Amayi a mpingo ankawayamikira chifukwa cha zimenezo. "Mayi ameneyu ndi thanthwe," ankauzana potuluka m'tchalitchi. "Ambuye amulimbitsa." Iwo ankangogwedeza mutu, poti kutsutsa kumafuna mphamvu. Sikunali kulimba. Linali dzanzi, longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ungautsine, ungaubaye ndi singano, uli phee. Nyimbo zonse ankaimba nawo osaphonya liwu, koma mawuwo ankangodutsa pakamwa ngati madzi pa tsamba la nthochi. Popemphera ankagwada, n'kutchula ana, odwala, a m'ndende ndi a paulendo, n'kudzuka monga mmene anagwadira. Tiyi ankamwa osadziwa ngati athira shuga.

Tulo nato tinawathawa. Kuwala kwa m'khola kunkalowa pazenera la kuchipinda n'kukagwera pakhoma, pamwamba pa msomali umene pankakolekedwa jekete la malemu. Ankagona chagada kuyang'ana kuwalako mpaka kutasakanikirana ndi kwa m'bandakucha. Masana ndiye ankasinza choimirira, nthawi zina mpopi ukutaya madzi, ndowa itadzaza kalekale.

Nazo nkhuku zinaiwala kugona. Zinkangoyendayenda pautuchi, kujompha chakudya, kujompha khoma, kenaka kujomphana zokhazokha. Makosi anatsala khungu lokha, misana chimodzimodzi. Mazira anayamba kuchepa, ndipo ochepawo anali a chigoba chopyapyala, ophwanyika ukangowanyamula. Mathireyi amene kale ankadzaza tsiku lililonse anaunjikana pakona. Eni magolosale amene ankatenga mazira pakhomopo anayamba kuoda kwina, akakumana panjira n'kumapereka moni wautali wamanyazi. Alangizi a ziweto anabwera tsiku lina masana, anayang'ana m'kamwa ndi pansi pa mapiko, anasiya mankhwala othira m'madzi. Babulo analiona, koma anayesa kuti mayiwo awayatsira iwo kuti aone bwino, ndipo anathokoza.

Lachitatu lina m'mawa kunabwera alamu awo, mlongo wa malemu, mayi wa telala amene pakamwa pake sipankapuma ngati makina ake omwe. Anawapeza m'khola akuchotsa utuchi wonyowa ndi fosholo.

"Odi kuno kwa ankhuku." Anasuzumira, tepi yoyezera ili m'khosi. "Koma alamu, ziwetozi zavula bwanji? Misana pamtunda ngati atsikana operekeza mkwatibwi. Mundiuze, ndizisokere timabulauzi?"

"Lowani, alamu. Mutseke, zingatuluke."

"Zituluke zipite kuti zili mbulanda chonchi? Ngakhale kabawi angayang'ane kumbali."

Anamazira anayesa kumwetulira, milomo inangosuntha pang'ono. Telalayo analowa akukweza nsalu kuopa zitosi, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakweza maso kudenga.

"Nanga babuli masanasana? Mukufuna ziziwerenga nyuzipepala?"

Anatembenuka, anaona swichi kuseri kwa chitseko, anatambasula dzanja. Anamazira sanadziwe kuti fosholo yagwa nthawi yanji. Anangozindikira kuti agwira mkono wa alamu awo, mwamphamvu ndithu.

"Musakhudze."

"Imagwira munthu?"

Anamazira anasiya mkonowo. "Imagwira."

Telalayo anadumphira kumbuyo mpaka kuponda chomwera nkhuku. "Achimwene anga aja. Nyumba za anthu ankakonza ngati mukhala angelo, pakhomo pawo n'kusiya msampha. Ndi mtundu wathu umenewo. Inenso onani mpendero wangawu, chaka chonsechi ukuyendera pini."

Atatuluka anakakhala pakhonde la kukhitchini. Telalayo anavula nsapato yonyowa ija n'kuiyanika padzuwa, kenaka anayamba kupinda tepi yake mozungulira chala. Akayamba kupinda tepi chonchi, ndiye kuti nthabwala zatha.

"Alamu, sindinabwerere nkhuku zamaliseche. Wachisamba wanu wandiimbira dzulo."

Wachisamba anali mwana woyamba wa Anamazira. Dzina lake lenileni analisiya kusukulu. Pakhomo ankangomutchula choncho ngakhale tsopano anali ndi ndevu, mkazi ndi ana, ndipo ankagwira ntchito mumzinda wakutali.

"Akubwera Loweruka. Wapeza munthu wogula nkhuku zotopa, wa madengu. Akuti zonse zipite, kenaka inu mukwere naye. Chipinda wakonza kale, akuti mpaka makatani. Nyumba ino aikemo munthu."

"Wanena choncho."

"Wandituma kuti ndidzakufewetseni, ngati ine ndine madzi onyikamo nyemba. Ndamuuza kuti amako sanyikidwa. Koma alamu, mwanayo sakulakwa. Tadziyang'anani. Diresi limene ndinakusokerani chaka chatha, lero mungalowemo anthu awiri. Nkhuku zikutha, inunso mukutha. Iye akuopa kuika maliro achiwiri."

Anamazira anayang'ana mtengo wa mapeyala umene amuna awo anabzala pafupi ndi mpopi, waya woyanikapo zovala, kanjira kopondeka kochokera kukhomo la khitchini kukafika kukhola. Anadziwa kuti nkhuku zikapita, iwonso apita, chifukwa sipadzatsala chifukwa chouza mwana. Anafunafuna mumtima mwawo mantha kapena mkwiyo, ngati munthu wopisa m'thumba kufuna kiyi. Munalibe kanthu.

"Ndamva," anatero.

"Basi? Ndamva? Ndikanakhala ine, bwenzi ndikugubuduka pabwalopa mpaka aneba atabwera ndi madzi."

"Mumwa tiyi?"

"Ndimwa. Koma shuga ndithira ndekha. Ulendo watha munandimwetsa wamchere, ine n'kumangopirira ngati Mkhristu."

Lachisanu m'mawa kunawomba chimphepo chotsanzikira mvula. Nthambi ya mtengo waukulu wa kumsewu inagwera pa mawaya, magetsi anathima dera lonselo. M'khola batire linalandira ntchito monga mmene malemu analikonzera, babu osaphethira n'komwe. Masiku ena magetsi akathima ankabweranso msanga, koma tsiku limeneli dzuwa linakwera, linafika paliwombo, linapendeka, kumsewu kuli zii.

Madzulo Anamazira analowa m'khola ndi ndowa ya madzi. Akuthira m'zomwera, anaona kuti chithunzithunzi chawo pautuchi chikuzimiririka. Anakweza maso. Babu linali litasanduka lachikasu. Ali chiyang'anire, linafiira ngati khala lamoto limene phulusa likulikwirira, kenaka munatsala kaulusi kokha kofiira mkati mwa galasi, kenaka palibe.

Anaima ndi ndowa m'manja. Sindinakhudze kanthu, anadziuza. Si ine.

Kunja kunali chisisira. Kuwala kotsalira kunkalowa pa waya wa sefa, kotuwa, kofooka. Nkhuku zonse zinaima, makosi m'mwamba, ngati mpingo umene woyambitsa nyimbo wasokonekera. Kenaka imodzi, yothothoka kuposa zinzake zonse, inayenda pang'onopang'ono n'kudumphira pa mtengo wogonapo umene unali utachita fumbi. Ina inatsatira. Zinakankhana, zinadandaula, zinakhazikika. Ndipo munayamba kumveka kaphokoso kamene Anamazira anali atakaiwala, kong'ung'udza motsitsa kukhosi, kamene nkhuku zimachita zikamapatsana malo ogona. Malemu ankati amenewo ndi mapemphero a nkhuku, ndipo ankati zimapemphera bwino kuposa madikoni chifukwa sizitalikitsa.

Anaika ndowa pansi. Pakona panali thumba la chakudya cha nkhuku. Anakhalapo n'kutsamira khoma, kuti angopuma pang'ono asanalowe m'nyumba. Njerwa zinali zikadali zofunda. Mdima unabwera osafulumira. Unaphimba zomwera, unaphimba mapazi awo, unaphimba manja amene anali pamiyendo. Unalibe ukali. Amene analenga usana ndi yemweyo analenga usiku, ndipo sanaulenge molakwitsa. Koma Anamazira sanaganize zimenezo. Anangomva zikope zikulemera.

Anadzidzimuka ndi tambala wa aneba. Khosi linali litauma, pa nsalu pali tinthenga, mwendo wina utachita dzanzi. Kum'mawa kunali kutayera. Nkhuku zinkatsika imodziimodzi, kuwongola phiko ndi mwendo, n'kupita kukamwa madzi mwaulemu, osajomphana. Iwo anakhalabe pathumbapo kuziyang'ana. Anali atagona mpaka kucha, koyamba chimwalirireni amuna awo, m'khola la nkhuku, chokhala. Atayesa kuimirira, mwendo uja unayamba kubayabaya magazi akubwerera, ndipo anachita kugwira khoma mpaka ululuwo utadutsa.

Dzuwa litakwera, amagetsi analumikiza mawaya kumsewu. Babu linayaka lokha, poti swichi inali chiyatsireni.

Wachisamba anafika Loweruka lomwelo dzuwa litapendeka, atakwera kagalimoto ka bambo wa madengu. Telala anali atafika kale. Anati wabwera kudzaonerera, poti zinthu zaulere zachepa masiku ano. Mnyamatayo anapereka moni kwa mayi ake atagwira dzanja lawo ndi manja awiri, ndipo sanalisiye msanga. Maso ake anali pa mkono wowondawo.

"Amayi, mwadya?"

"Ndadya."

"Azakhali, adya?"

"Usandilowetse m'bodza iwe, ndine wa kwaya."

Wa madengu anali bambo wamfupi, wa chipewa chopindika, wozolowera kulowa m'makola a anthu popanda kufunsa zambiri. Anatsitsa madengu ake, analowa m'khola, anayendetsa maso.

"Mayi, izi ndiye zatopadi. Nyama ilipo, koma ya msuzi."

Anawerama kuti agwire imodzi. Inathawa, zinzake zinabalalika, fumbi ndi nthenga zinadzaza m'khola. Anayesanso, anangotsala ndi nthenga za kumchira m'manja. Anaweramuka akutsokomola.

"Iyayi, tikatere tithyola mapiko. Nkhuku sitigwira poyera. Kunjaku kwayamba kale kuda. Zimitsani babulo, tidikire pang'ono zikwere pamitengo, kenaka tizingothyola ngati mango."

Wachisamba anapita kuseri kwa chitseko.

"Iwe, usakhudze," anatero azakhali ake. "Imagwira. Amako anandiuza."

"Ya bambo?" Mnyamatayo anakula akuona bambo ake akumata mawaya, ndipo anapukusa mutu. "Bambo sanasiyepo waya wogwira munthu."

Anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika. Waya anali bwinobwino, womatidwa mwaudongo monga ankachitira malemu. Koma pa swichi panali fumbi lochindikala, ndipo kangaude anali atamangapo ukonde kuchokera pa swichipo kukafika pa felemu la chitseko, ukonde wakale, wodzaza timapiko touma. Anauyang'ana nthawi yaitali. Iye anakulira m'nyumba imeneyo. Mawu a bambo ake a pambuyo pa ameni ankawadziwa pamtima. Anazimitsa tochi.

"Amayi," anatero motsitsa. "Babuli linazimitsidwa liti?"

"Dzulo linazima lokha. Batire linatha."

"Ndikunena kuzimitsa. Ndi dzanja."

Nkhuku zinali zitayambanso kuyendayenda. Ina inajompha chingwe cha nsapato ya Wachisamba, inachisiya.

"Anayatsa ndi bambo ako," anatero Anamazira. "Sanabwere kudzazimitsa."

Telala anagwira pakamwa. Wa madengu anavula chipewa, kenaka anaoneka ngati sakudziwa chimene wavulira, n'kutuluka kukayang'ana matayala a galimoto yake.

"Nthawi yonseyi," anatero Wachisamba. Anakwezanso dzanja pang'onopang'ono. "Ndizimitse ine?"

"Ayi. Ukazimitsa iwe, uzimitsira madengu."

Dzanjalo linatsika. Anamazira sanazolowere kulankhula mawu ambiri masiku amenewo, ndipo anatuluka owuma, amodziamodzi, ngati chimanga chogwa m'thumba lobooka.

"Dzulo zinagona. Ndinaziona. Inenso ndinagona, pathumba apo. Sizikudwala izi, mwanawe, zatopa. Kuyambira madzulo aja zakhala m'tsiku limodzi losatha. Zisiye zione mdima. Bambo ako ankati nkhuku ikapatsidwa mpumulo imayamba yataya nthenga zonse zakale, mazira n'kulekeratu, munthu n'kumayesa kuti yatha ntchito. Kenaka zimamera zina."

"Nanga zikapanda kumera?"

"Udzabwere ndi madengu ako. Ndidzakwera ndekha, sudzachita kutuma munthu kudzandinyika."

Telala anatulutsa kamawu m'mphuno, kapena kuseka kapena kulira, n'kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Amayi, ine nkhuku sindikuzidandaula," anatero Wachisamba. "Nanga inu?"

Anamazira anayang'ana babu, maso anawawa, anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa. Koma kwanu kuja magetsi a mumsewu sazima, ndinaona ulendo uja ndinabwera kudzaona khanda. Ndisiye ndiyambe ndaona mdima wa pakhomo panga."

"Mazira akaleka muzidya chiyani?"

"Azidya kwanga," anayankha azakhali. "Bola asamayandikire shuga ndi mchere."

Wachisamba anaima kanthawi, manja m'chiuno, monga ankaimira bambo ake akamaganizira waya wovuta. Kenaka anatuluka. Anamumva akupepesa wa madengu panja, ndipo anamva bamboyo akuyankha kuti palibe kanthu, zikanakhala zonenepa akanalira. Madengu anakwezedwanso opanda kanthu, kagalimoto kanatsokomola, kanapita.

Atabwerera, mnyamatayo anaima pakhomo la khola. "Ndigona konkuno, mawa ndikwera basi. Ndidzabweranso kuzizira kukamatha. Ndikadzapeza diresi lija anakusokerani azakhali likadali la anthu awiri, sindidzafunsanso za nkhuku."

"Wamveka," anatero mayi ake.

Anaphika ndi telala. Anadya atatu patebulo, mpando wa kumutu uli wopanda munthu. Anamazira anadya pang'ono, koma anamaliza zimene anawaikira, alamu awo akuwayang'anira ngati mlonda. Kenaka mbale zinachotsedwa. M'nyumba imeneyo munali musanaimbidwenso nyimbo ya madzulo chichokereni mwini wake. Telala anagunyuza mwana wa achimwene ake ndi chigongono.

"Yambitsa. Mphuno ya bambo ako unatenga, kaya besi unaisiya."

Anayamba motsika kwambiri, mawu anamuthera, anakhosomola, anayambanso. Makapu m'kabati sanagwedezeke, koma kasupuni kamodzi pa sosala kanalira pang'ono. Anamazira anaimba nawo. Mawuwo ankadutsabe ngati madzi pa tsamba, ndipo sanawakakamize kuti alowe. Nyimbo itatha, onse awiri anadikira kuti iwo apemphere. Sanatchule odwala, sanatchule a paulendo.

"Ambuye," anatero, "tsikuli latalika. Tilandireni."

Anati ameni. Palibe anasuntha. Kenaka Anamazira anadzuka, anapita pakhomo la kukhitchini, anawerama. Masilipasi a malemu anali pomwe anawasiya, pansi pa benchi. Anawavala. Anali aakulu, ankawomba zidendene potsika masitepe. Wachisamba anafuna kudzuka, azakhali ake anamugwira malaya.

Kukhola kunali kuwala mbee, nkhuku zili piringupiringu. Anamazira analowa, anatseka chitseko, anaima pansi pa swichi. Inali pamwamba. Anakoka njerwa imene ankatsekerezera chitseko, anakwerapo, anagwira felemu ndi dzanja lamanzere. Ukonde wa kangaude unamatirira ku chala, wofewa, wafumbi.

"La Mulungu lalowa kale," anatero.

Mawu otsalawo sanabwere. Anadina. Kanali kaphokoso kakang'ono, ngati kuthyola kamtengo ka machesi.

Poyamba sanaone kanthu. Anamva mapiko, anamva zikhadabo pamitengo, anamva kukankhana. Kenaka kung'ung'udza kuja kunayamba, uku ndi uku, n'kumatsika. Iwo anali chiimire panjerwapo, dzanja lili pafelemu. Anazindikira kuti mikono yawo ikuzizidwa. Anamva fungo la dothi lonyowa lochokera kumpopi. Ndipo pachifuwa, pansi pa fupa, panayamba kubayabaya, pang'ono pokha, monga unachitira mwendo uja m'mawa. Anadziwa kuti pambuyo pake pabwera ululu, ndi kuti munthu sayenda ululuwo usanadutse. Sanauthamangire. Anangogwiritsa felemu.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka.

"Alamu," anaitana telala, mawu ake atachepa. "Yakugwirani?"

"Ayi."

"Ndibweretse tochi?"

Anamazira anatsika panjerwa, phazi limodzi, kenaka linalo. Kupyolera pa waya wa sefa, nthambi za mtengo wa mapeyala zinali zitayamba kuoneka, zakuda pathambo lotuwa.

"Ayi," anatero. "Dikirani pang'ono, maso azolowere."